Gitala yosalongolola ya Oliver Mtukudzi

Nyimbo ya Oliver Mtukudzi umaizindikira mwiniwake asanatsegule pakamwa. Gitala imayamba yokha, zala zikutola nsambo imodziimodzi, kachidutswa kafupi kamene mwana angathe kukang'ung'udza atakamva kawiri. Kachidutswako kakazungulira n'kubwerera pamene kanayambira, maseche amalowa. Kenako besi, kenako ng'oma, kenako gitala yachiwiri yoyankhira pamwamba. Pofika nthawi imene mawu osasa aja akumveka, phazi lako limakhala litavomera kale.

Munthuyu, amene ambiri ankangomutcha Tuku, anamwalira pa 23 Januwale 2019 ku Avenues Clinic mu mzinda wa Harare ali ndi zaka 66, tsiku lomwelo limene woimba mnzake Hugh Masekela anamwalira chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Kuno ku Mutare, makombi ochoka pa Sakubva Musika kupita ku Dangamvura kapena ku Chikanga amaliza kwambiri zimdancehall ndi sungura, ndipo oimba a nyimbo zimenezo amabwera n'kupita ngati mafashoni a nsapato. Tuku sanachoke. Ndi yekhayo amene nyimbo zake ndazimva paukwati, pasiwa, m'bala ndi m'nyumba ya abusa, popanda wina wonyinyirika kuti zalakwika malo. Anthu amati chinsinsi chake chinali mawu aja, ena amati ndi nzeru za m'nyimbo zake. Ine ndimaona kuti luso lake lalikulu linali kudziletsa. Ankadziwa poti asiye, ndipo anaphunzitsa gulu lake lonse la Black Spirits kudziwa poti lisiye.

Tiyambe ndi mamangidwe a nyimbo. Nyimbo zambiri za kuwailesi zimayenda ulendo: ndime, kolasi, ndime ina, kakusintha pakati, kolasi yomaliza. Za Tuku zambiri siziyenda choncho. Zimazungulira. Makodi atatu kapena anayi amabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pothera, kwa mphindi zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, osasintha. Kamangidwe kameneka anakatenga ku mbira ya Ashona ndi ku ng'oma za katekwe za Akorekore, mtundu wa makolo ake a kumpoto kwa dziko lino, n'kusakaniza ndi jiti, mbaqanga ya ku South Africa ndi nyimbo za kutchalitchi zimene anakulira nazo. Woimba wosadziwa akazungulira chonchi amatopetsa pakangopita mphindi ziwiri. Tuku sankatopetsa chifukwa mkati mwa kuzungulirako chida chilichonse chinali ndi kampata kakekake, ndipo sichinkalowa m'mpata wa chinzake.

Amene anaonapo amayi awiri kapena atatu akusinja mumtondo umodzi akudziwa zimene ndikunena. Munsi wina ukamatsika wina ukukwera, wachitatu ukudikira, ndipo palibe amene amawerenga mokweza. Mmodzi akangofulumira pang'ono, minsi igundana. Kukoma kwa phokoso lija sikuchokera mwa mayi mmodzi, kumachokera m'kusinthana. Gitala ya Tuku, gitala yotsogola ya Philani Dube, besi ya Never Mpofu, ng'oma za Sam Mataure ndi maseche a Picky Kasamba zinkasinthana motero. Ukamvetsera Philani Dube payekha, umadabwa kuti akuimba zochepa chotani: timawu tiwiri titatu, kupuma, timawu tomweto mopotoza pang'ono. Koma tachotsa timawuto, nyimbo yagwa mphwayi.

Kudziletsa kumeneku sanabadwe nako. Anabadwira ku Highfield, ku Harare, pa 22 Sepitembala 1952. Mu 1977 analowa gulu la Wagon Wheels, limene munalinso Thomas Mapfumo, ndipo nyimbo yake ya Dzandimomotera inamutchukitsa nkhondo ya ufulu ili mkati. Gulu la Black Spirits linabadwa pambuyo pake, chimbale choyamba, Ndipeiwo Zano, chinatuluka mu 1978. M'zaka za m'ma 1980 anatulutsa zimbale zambiri, nthawi zina ziwiri pachaka, ndipo tinene chilungamo, si zonse zimene zinali zabwino. Zina zinadzaza makiyibodi a nthawi imeneyo, zina zinajambulidwa mothamanga. Sungura ya Leonard Dembo ndi John Chibadura itagwira dziko, Tuku ankaoneka ngati munthu amene nthawi yake ikupita. Kusintha kunabwera mochedwa, atadutsa kale zaka 45. Debbie Metcalfe atayamba kuyendetsa ntchito zake, anapita ku Johannesburg kukajambula ndi Steve Dyer, woimba chitoliro ndi saksofoni amene ankagwira naye ntchito m'gulu la Mahube. Chimbale chimene chinatuluka mu 1999, Tuku Music, n'chimene chinamufikitsa ku Ulaya ndi ku America kudzera ku kampani ya Putumayo. Ukachiyerekeza ndi zimbale za zaka khumi m'mbuyo mwake, chimene chinasintha kwambiri n'chakuti zinthu zinachotsedwamo. Gitala ya mwiniwake inakhala ya nsambo zofewa, yomveka ngati ili m'chipinda momwe wakhalamo. Kiyibodi inabwerera kumbuyo. Liwiro linatsika. Mpweya unalowa pakati pa zida.

Mpweya umenewu ndi umene anyamata oimba masiku ano amavutika nawo. Malume anga, amene anabadwira ku esiteti ya tiyi ku Honde Valley kwa makolo ochokera ku Mulanje, anaimba gitala m'magulu a maukwati zaka zambiri. Tsiku lina anyamata a kumpingo kwathu ku Sakubva ankakonzekera kukaimba paphwando, ndipo anawaitana kuti adzamve. Anayamba nyimbo ya Tuku. Wa gitala yotsogola anali mnyamata wa zala zopepuka zedi, ndipo paliponse pamene nyimbo inapuma iye ankathirapo kakuthamanga ka nsambo, kokoma ndithu pakokha. Malume anakweza dzanja.

"Mwanawe, ukuthamangira kuti? Mpata umenewo si wako, ngwa besi."

"Koma agogo, ndikapanda kuikapo kanthu pakumveka pululu."

"Papululupo ndi pamene anthu aponde phazi. Ukadzazapo iwe, avina pati?"

Anamuuza kuti aimbe timawu titatu tokha, aike dzanja pa nsambo kuti zileke kulira, awerenge mumtima, abwereze. Mnyamatayo anachita monyinyirika, nkhope ili gwa. Atazungulira kangapo, wa ng'oma anayamba kumwetulira yekha, chifukwa kwa nthawi yoyamba ankamva besi. Amayi amene ankasenda mbatata panja analowetsa mitu pakhomo.

Za mawu ake anthu anena zambiri, ndipo sindikufuna kuwonjezera matamando. Anali mawu osasa, olemera, okhala ngati adutsa pamchenga, ndipo kakutsokomola kake kaja kanasanduka chizindikiro chimene oseketsa anthu amatsanzira mpaka lero. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi nthawi imene ankalowera. Tuku sankakonda kugwera pamutu pa kugunda kwa ng'oma. Ankachedwa pang'ono, ngati mkulu amene wafunsidwa funso pabwalo ndipo akuyamba wameza malovu. Mzere ukatha sankaukoka kuti tione kutalika kwa mpweya wake. Ankaudula, n'kusiyira amayi othirira mang'ombe, Mwendi Chibindi ndi Mary Bell m'zaka zimenezo, kuti avomere. Mawu a amayiwo anali osalala, okwera, aukhondo ngati a kwaya, ndipo kusasa kwa mawu ake kunkaoneka bwino chifukwa cha kusalala kwawo. Nthawi zambiri mfundo yolemera ya nyimbo ankaipereka kwa iwo kuti aibwereze, iye n'kumangodandaula m'mbali, kubuula, kuitana dzina. Wotsogola nyimbo amene amalola kuti mzere wokoma koposa uimbidwe ndi ena ndi wosowa.

Kapekedwe ka mawu kanali ndi khalidwe lomwelo. Taonani Todii, ya m'chimbale cha 1999 chija. Inatuluka pamene munthu mmodzi mwa akuluakulu anayi alionse m'Zimbabwe anali ndi kachirombo koyambitsa Edzi, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba. Tuku mwiniwake anali ataika m'manda mng'ono wake Robert ndi anzake ena a m'gulu chifukwa cha matendawa, ndipo sankabisa. Nyimbo za Edzi za nthawi imeneyo, kuno ndi ku Malawi komwe, zambiri zinali maulaliki: dziletseni, khulupirikani, mukapanda kumva mufa. Zinkalipiridwa ndi mabungwe ndipo zinkamveka choncho. Todii ilibe langizo ngakhale limodzi. Ndi funso lokhalokha, lofunsidwa m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chingerezi, ndipo pakati pa mafunsowo akungofotokoza ululu wa munthu wosamalira wodwala amene akudziwa kuti sachira, ndi wa munthu amene matenda wawatengera m'nyumba mwake momwe. Saloza chala. Wodwala, womudwazika ndi amene anabweretsa matendawo onse angathe kuimba nyimboyi limodzi popanda wina kutuluka panja. N'chifukwa chake inafika ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Nairobi kwa anthu osamva Chishona, ndipo ikuimbidwabe pamene nyimbo za malangizo zija zinaiwalika pamodzi ndi mapositala ake.

Neria ndi chimodzimodzi. Inapekedwera filimu ya dzina lomwelo ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene nkhani yake analemba Tsitsi Dangarembga ndipo anaitsogolera Godwin Mawuru. Jesesi Mungoshi anasewera ngati mayi wamasiye amene mlamu wake akumulanda nyumba, ndalama ndi ana, nkhani imene Mmalawi aliyense akuidziwa ndi maina a kwawo. Tuku anasewera ngati mlongo wake wa mayiyo. Filimuyo ili ndi makhoti ndi malamulo, ndipo inathandiza kuti anthu ayambe kukamba za chuma cha masiye poyera. Nyimboyo sinalowe m'zimenezo. Mlamu wolanda uja satchulidwamo. Ndi mlongo chabe akulankhula ndi mlongo wake wofedwa, motsitsa mawu, monga timachitira kuseri kwa nyumba ya siwa anthu akabalalika. Gitala yake ndi yapafupi kwambiri moti ophunzira ambiri amayambira pomwepo, koma kuiimba osaithamangitsa ndi ntchito ina.

Imene ndimaikonda kuposa zonse ndi Ndakuvara, ya m'chimbale cha Vhunze Moto cha 2002, imene inapata mphoto ya Kora chifukwa cha kasanjidwe ka zida. Nkhani yake ndi ya kumunda. Bambo wina, wozolowera kuphunzitsa ng'ombe goli, watenga thole poganiza kuti liyenda monga zinayendera zikuluzikulu zake. Tholelo lamuonetsa zakuda, ndipo bamboyo, amene anachoka pakhomo ali ndi matama a mwini khola, akuitana mayi wa ana ake kuti adzamuone atavulala. Ukangomva pamwamba, ndi nthabwala, ndipo anthu amavina akuseka. Koma kholo lililonse limene linalera ana atatu bwinobwino n'kudzagonja pa wachinayi limadziwa kuti ng'ombe ija ili ndi dzina, ndipo imagona m'chipinda chinachi. Tuku sananene zimenezo m'nyimbomo. Palibe ndime yomaliza yomasulira fanizo, monga amachitira alaliki ndi olemba nyimbo ambiri poopa kuti sitimva. Anatisiyira ng'ombe, goli ndi bambo ali pansi. Ndiponso taonani amene akuitanidwa pamavuto: si ankhoswe, si anzake a kumowa, ndi mkazi wake. M'nyimbo zambiri za amuna a m'badwo wake, mkazi ndi wokongola kapena wosakhulupirika. Kwa Tuku mkazi kawirikawiri ndi amene ali ndi nzeru zotsala pamene za bambo zatha. Zida nazo zikusewera nkhani yomweyo: ng'oma ndi besi zikukoka kutsogolo ngati chinthu chosafuna kugwidwa, gitala ikuyesa kubweza.

Tozeza, ya m'chimbale cha Nhava cha 2005, ndi yoopsa kwambiri mwa njira imeneyi. Mwana akufotokoza za bambo wobwera ataledzera n'kumenya mayi, koma kayimbidwe kake n'kovinitsa, kowala. Ndinaonapo amuna akuivina m'bala botolo lili m'manja, akuimba mawu a mwana uja ndi pakamwa pawo. Ena amati pamenepo uthenga watayika. Ine sindikhulupirira. Nyimbo yokalipa akanaizimitsa, iyi anailoweza.

Kuphiphiritsa kumeneku kunamubweretsera mlandu wa mitundu iwiri. Mu 2000, chaka chimene boma linagonja pa referendamu ya malamulo ndipo chipani cha MDC chinatsala pang'ono kupambana chisankho cha aphungu, anatulutsa chimbale cha Bvuma, momwe muli Wasakara, nyimbo youza munthu wokalamba kuti avomere ukalamba wake. Robert Mugabe anali ndi zaka 76. Anthu sanafunse kawiri. Pa konsati ina ku Harare kumapeto kwa chaka chimenecho, woyendetsa magetsi a pasiteji anaunikira chithunzi cha Mugabe nyimboyi ikuimbidwa, ndipo anamangidwa. Tuku, atafunsidwa kambirimbiri, ankangoti nyimboyo ikunena za ukalamba umene umafikira aliyense. A boma sanamukhulupirire. Otsutsa boma nawo anakhumudwa kuti bwanji sakunena poyera ngati Mapfumo, amene anatchula zinthu ndi maina ake mpaka anakakhala ku America. Amalawi amene anazolowera Lucius Banda, wolasa mosapsatira, angamve chimodzimodzi.

Mlandu wachiwiriwu ndimaumvetsa, ndipo sindinganene kuti mulibe kanthu. Panali zaka zina zoopsa, makamaka 2008, pamene munthu ankalakalaka kuti mawu aakulu chotero anene chinthu chimodzi chosazungulira. Koma tikaweruza monga amisiri a nyimbo, njira yake inali ndi phindu limene njira inayo ilibe. Nyimbo yotchula dzina imakalamba pamodzi ndi dzinalo. Mugabe anachoka pampando mu 2017, anamwalira mu 2019, koma Wasakara ikugwirabe ntchito: pa mtsogoleri wina, pa mfumu ya mpingo yokana kupuma, pa bambo wa zaka 60 wofunsira mtsikana wa sukulu. Amayi athu pamtondo ankadziwa zomwezo, kuti nyimbo yodandaula apongozi sitchula apongozi.

Kwa ife a kuno amene makolo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito pa njanji, m'migodi ya ku Penhalonga, m'minda ya tiyi ndi m'nkhalango za mitengo ya mapulanga, pali nyimbo imodzi imene timaimva mwa njira yathuyathu. Dzoka Uyamwe ndi ya munthu amene wanyozedwa kuchilendo chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo mtima wake wabwerera kwa mayi ake ku Dande, kumene akumuitana kuti abwerere. Tuku ankaimba za ku Dande, m'chigwa cha Zambezi, osati za ife. Koma lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ndi adzukulu a matchona, obadwira m'dziko lino, anapezeka kuti zitupa zawo zikuwatcha alendo ndipo ambiri analandidwa mwayi wovota, mpaka malamulo atsopano a 2013 anakonzako zinthu. M'zaka zimenezo nyimboyi inkapweteka mosiyana. Woimbayo ali ndi kwawo kumene akuitanidwa. Ambiri a ife Dedza, Mangochi kapena Mulanje tinkangomva m'kamwa mwa agogo, ndipo amene akanatiitana anali atagona kale ku manda a ku esiteti. Nyimbo yopekedwa mothina, yonena zonse, sikanatipatsa malo oloweramo. Iyi inali ndi mpata, ndipo tinalowa.

Sindikufuna kumupaka mafuta opitirira. Zimbale zoposa 60 n'zambiri, ndipo pali zina za kumapeto zimene ukazimva umadziwa kuti njira yayamba kudziyenda yokha: kuzungulira komweko, amayi akuvomera pomwepo, mwambi wina wa ulemu ndi khalidwe. Iye mwini ayenera kuti anazindikira, chifukwa chapakati pa zaka za m'ma 2000 anasintha gulu, n'kulowetsa marimba ndi mbira pamalo pamene kale pankakhala zida zamagetsi. Okonda Black Spirits yakale anadandaula. Kwa ine kunali kubwerera kumene magitala aja ankatsanzira kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti kulira kwa gitala ya Philani Dube sikunapezeke wokulowa m'malo.

Mwana wa Tuku, Sam, woimba gitala ndi saksofoni amene ambiri ankamuona ngati mlowam'malo, anafa pangozi ya galimoto mu Malichi 2010 ali ndi zaka 21. Chimbale cha Sarawoga cha 2012 chinatuluka m'chisoni chimenecho, ndipo m'malo ena mawu a bamboyo amatsala okha popanda chida chilichonse. Anapitiriza kuyenda ndi kuimba ngakhale matenda a shuga anamufooketsa, ndipo nthawi yambiri yotsala ankaithera ku Pakare Paye, malo ophunzitsira luso amene anakhazikitsa ku Norton mu 2003, kumene achinyamata ngati Mbeu anakulira. Atamwalira, boma linamutcha ngwazi ya dziko, woimba woyamba kulandira ulemu umenewo, koma sanaikidwe ku Heroes Acre. Anakagona kumudzi kwawo ku Madziwa, pakati pa abale ake a chiwongo cha Samanyanga.

Otsanzira achuluka chimwalirireni. Pafupifupi gulu lililonse loimba m'mahotela ndi m'maukwati a ku Mutare lili ndi gawo la nyimbo za Tuku, ndipo pali anyamata amene amatha kusasitsa mawu, kutsokomola pamalo pake, ngakhale kuvina mopinda miyendo yaitali monga ankachitira ndi Picky Kasamba. Zimenezo n'zotheka kuziphunzira pa YouTube. Chovuta n'chakuti kayimbidwe kameneka si ka munthu mmodzi. Kamafuna anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu amene agwirizana kuti aliyense aimbe zochepa kuposa zimene angathe, usiku wonse, kwa zaka, ndipo magulu a masiku ano amasonkhana Lachisanu n'kubalalika Lamlungu, aliyense akufuna kuti kamera ya foni imupeze. Mwana wamkazi wa Tuku, Selmor, anazindikira zimenezi pokonza chimbale chake cha Dehwe Renzou cha 2020: sanayese kusasitsa mawu, anapita kwa Steve Dyer, munthu yemwe uja amene anathandiza bambo ake kuchotsa zochuluka m'nyimbo zaka makumi awiri m'mbuyomo.